Funsani Amalume: Thanki ya 404 yadyeka ndi dzimbiri, tikaiwotcherere?

Amalume,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mufakose mu Harare. Malemu bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo atapuma ntchito ya ku fakitale anagula Peugeot 404 yaitali ija n'kumanyamula anthu kupita m'tauni nthawi ya ma emergency taxi. Anaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala mu 2008 petulo atasowa, ndipo sinayendenso mpaka iwo kutisiya. Chaka chino ine ndi mwana wanga wachisamba taidzutsa. Injini ikulira bwinobwino tikaimwetsa petulo wa m'botolo, koma tikalumikiza thanki yake imangofika cha ku Kambuzuma n'kuyamba kutsokomola mpaka kuzima. Tikadikira pang'ono imaliranso. Fyuluta ikudzaza tizinyalala tofiirira, ndipo kunsi kwa thanki kuli ponyowa ponunkha petulo. Alamu anga akuti tiichotse, tiitsuke ndi madzi, tikaiwotcherere ku Siyaso, kumsika wa amisiri a zitsulo. Mwana wanga akuti waona pa intaneti mankhwala ongothira m'kati, dzimbiri n'kutheratu. Ine khumbo langa n'lakuti galimotoyi idzafike ku Dedza azakhali akaione. Ndimvere ndani?

Naphiri, Mufakose

ANaphiri, pakadali pano musamvere aliyense mwa awiriwo, koma woyamba kumugwira dzanja ndi alamu anuwo. Maganizo a mwana wanu angakutayitseni ndalama chabe. A alamu angachititse maliro.

Anthu ambiri amaopa thanki yodzaza petulo, n'kumaiona yokhuthula ngati chitini wamba. Zoona zake n'zotembenuka. Chimene chimaphulika si petulo wamadzi, koma nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya pa mlingo woyenera, kuyambira pa magawo 1.4 kufika pa 7.6 pa 100 alionse. M'thanki yodzaza nthunzi imachulukitsa, mpweya n'kuchepa. Mukaikhuthula mpweya umalowa, ndipo m'thanki ya malita 50 ngati ya 404, sipuni imodzi yokha ya petulo yakwana kuti m'katimo mukhale bomba. Sipuni imeneyo simungaichotse ndi madzi a pampopi. Petulo amabisala m'mphepete momwe zitsulo ziwiri zinalumikizidwa, pansi pa makoko a dzimbiri, ndi mu phula lomata lomwe petulo wakale amasiya akauma. Thanki ikazizira mphuno singamve kanthu, koma moto wa gasi ukangotenthetsa chitsulo, zonsezo zimatulutsa nthunzi yatsopano pomwe pali lawilo.

Alamu anu akuuzani kuti amaidzaza madzi, kapena amalumikiza paipi ku ekizozi ya galimoto ina kuti utsi uthamangitse nthunzi. Ndazionapo zonsezi zikuchitika, ndipo kambiri anthu amapulumuka, n'chifukwa chake mwambowu sukutha. Koma m'kati mwa thanki muli timakoma ta chitsulo toletsa petulo kukhavukira uku ndi uku, ndipo kuseri kwa timakomato mumatsala mpweya ngakhale madzi asefukire pakamwa. Utsi wa ekizozi nawo si wodalirika: wa galimoto ya petulo umanyamula mafuta osapsa bwino, wa dizilo umakhala udakali ndi mpweya wokwanira kuyatsa moto. Pa galaja ina yomwe ndinagwirapo ntchito ndili mnyamata, thanki ya Datsun yomwe inachapidwa kawiri inang'ambika msoko wonse, ndipo amene anagwira ndodo yowotchererayo khutu limodzi silinamvenso mpaka ukalamba. Amene amawotcherera mathanki mwa ukatswiri amayamba aiphika ndi nthunzi ya madzi otentha kwa nthawi yaitali, amayeza m'kati ndi makina onunkhiza gasi, kenako amaidzaza mpweya wosayaka monga argon kapena nitrogen. Anyamata a ku Siyaso sindikuwanyoza ayi. Mageti, mawilibala ndi mbaula za theka la Harare zimachokera m'manja mwawo, ndipo ndibwereranso kwa iwo kutsogoloku. Koma munthu amene alibe zida ndatchulazi asayandikize moto pa thanki yanu, ngakhale girayinda, chifukwa nthethe zake n'chimodzimodzi.

Tsono matendawo. Mwawafotokoza bwino kwambiri moti sindikufunika kuiona galimotoyo. Petulo amachoka m'thanki kudzera m'kapaipi komwe kamwa yake ili pafupi ndi pansi. Injini ikamakoka, makoko a dzimbiri amaunjikana pakamwapo mpaka kutseka, ndipo galimoto imazima ndi njala. Mukaima, pampu yasiya kukoka, makokowo amagwera pansi, njira n'kutseguka. N'chifukwa chake imakulolani kufika ku Kambuzuma n'kukupumitsani. Tofiirira ta mu fyuluta ndi toonda tomwe tadutsa, ndipo tina tafika kale mu pampu ndi mu kabyuleta.

Dzimbirilo labwera ndi madzi. Thanki yomwe yakhala ndi petulo wochepa imapuma: masana mpweya umatuluka, usiku umalowa wina wachinyezi, ndipo chitsulo chikazizira, monga umo kumazizirira kuno mu June ndi July, chinyezicho chimasanduka timadontho m'makoma. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amatsikira pansi n'kukhala pomwepo. Mathanki a nthawi imeneyo ankakutidwa ndi kamtovu kosakaniza ndi tini, koma kamtovuko sikangapirire madzi ogona kuyambira 2008. Kunja nako muyang'ane, makamaka pamwamba pomwe pamakhala matope ndi masamba a mapeyala aja, komanso pomwe thanki imagundana ndi zoigwirira.

Wina akuuzani kuti wolakwa ndi blend, petulo wosakaniza ndi ethanol uja. Pa nkhani yanuyi ayi. Lamulo lokakamiza kusakaniza ethanol mu petulo linabwera mu 2013, galimoto yanu itagona kale zaka zisanu. Ndiponso 404 imeneyo si mlendo kwa ethanol: fakitale ya ku Triangle inayamba kumutcheza kuchokera ku nzimbe mu 1980, ndipo kwathu ku Malawi ya ku Dwangwa inatsatira mu 1982. Lero wambiri akuchokera ku Chisumbanje, ndipo mlingo wake, womwe amalengeza a ZERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, umasinthasintha mpaka kufika magawo 20 pa 100. Chimene ethanol wachita kwa inu n'chakuti wasungunula ndi kutakasa zonyansa zomwe zinamatirira, n'kuzitumiza ku injini. Ali ndi khalidwe linanso loti mulidziwe: amamwa chinyezi, ndipo akakhuta amalekana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi ndi madziwo. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siziona zimenezi. Yongokhala ndiye imavutika.

Ntchito yoyamba ndi kuitsitsa thankiyo, ndipo muichitire panja pomwe pakupita mphepo. Osati m'galaja yotseka, osatinso pa dzenje lokonzerapo galimoto, chifukwa nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chokwawa n'kukadikha m'malo otsika. Chotsani waya wa negative ku batire. Mbaula, fodya ndi nyale ya magetsi yokoka ndi waya zikhale kutali. Petulo wotsalayo mumukoke ndi kapampu ka m'manja, osati pakamwa, ndipo mumusunge m'chigubu chachitsulo kuti mukamusiye ku galaja komwe amasonkhanitsa mafuta akutha. Musamuthire mu ngalande kapena pansi. Nyumba zambiri masiku ano zikumwa madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Musanamasule chilichonse mwana wanu ajambule ndi foni momwe mapaipi ndi mawaya alowera. Mabawuti muwanyowetse ndi mafuta ofewetsa dzimbiri dzulo lake. Kachipangizo ka geji kokhala ndi floti kaja mukazule mosamala n'kukaika padera, chifukwa asidi akawononga, ndipo kupeza kena lero ndi ntchito. Pa bowo lomwe katulukapo ndi pomwe muzisuzumira, ndi tochi ya LED ndi kagalasi kakang'ono. Machesi ayi. Zikumveka ngati nthabwala, koma anthu amayatsa.

Kutsuka kuli pawiri, ndipo ambiri amalumpha koyambako. Asidi sadya mafuta. Mukamuthira pa phula la petulo wakale amangotsetsereka pamwamba, dzimbiri lili phee pansi pake. Choncho yambani ndi madzi otentha kwambiri ndi sopo waufa wambiri, kapena degreaser, mankhwala ochotsa mafuta a m'mahadiweya. Tsekani mabowo ndi zitsekerero za mtengo kapena labala ya chubu, ponyanimo tcheni chachifupi, ndipo anthu awiri aigwire uku ndi uku n'kumaikhutchumula, kuitembenuza, kuikhutchumulanso. Apa ndi pomwe mphamvu za wachisamba wanu zigwire ntchito. Ena amaikamo manati ndi mabawuti. Zimathandiza, bola muwawerenge polowa ndi potuluka. Ine ndimakonda tcheni chifukwa chimatuluka chonse kamodzi. Miyala musayerekeze, imakanirira kuseri kwa timakoma tija ndipo mudzaimva ikulira moyo wanu wonse. Khuthulani, bwerezani, mpaka madzi azituluka opanda mafuta pamwamba.

Kenako asidi. Wabwino pa ntchitoyi ndi phosphoric acid, yemwe amagulitsidwa ngati mankhwala ochotsa dzimbiri m'masitolo a penti ndi zitsulo cha ku Graniteside ndi Msasa. Ubwino wake ndi woti akadya dzimbiri amasiya kachikuto kotuwa pa chitsulo, komwe kamachedwetsa dzimbiri latsopano ndipo sealer, mankhwala okutira m'kati mwa thanki, amagwirapo bwino. Tsatirani mlingo wolembedwa pa botolo, valani magolovesi ndi magalasi, ndipo posakaniza muzithira asidi m'madzi, osati madzi mu asidi. Ngati thumba lakana, viniga woyera wa kukhitchini amagwira, kungoti ndi wofooka, asidi wake ndi magawo 5 okha pa 100. Simukufunika kudzaza thanki yonse. Malita 10 akwana: igonekeni mbali imodzi tsiku lathunthu, mawa muitembenuze, mpaka mbali zonse zilawe, pansi pokhapo mupapatse masiku awiri. Citric acid waufa wosungunula m'madzi ofunda amachita chimodzimodzi, mwinanso mwachangu. Alimi akale ankagwiritsa molasses, gawo limodzi pa magawo 9 a madzi. Amachotsadi dzimbiri, koma amatenga masabata ndipo fungo lake mudzadana ndi aneba. Chotsekera chisakhale chothina pa nthawiyi, asidi akamadya chitsulo amatulutsa mpweya.

Yemwe ndikukuletsani ndi pool acid, wothira m'madamu osambira uja. Kuno ku Harare ali paliponse, ndi wotchipa, ndipo amayeretsa thanki m'mphindi zochepa moti munthu amaomba m'manja. Koma sasiyanitsa dzimbiri ndi chitsulo chabwino, amadya zonse pamodzi ndi kamtovu kotsalako, ndipo kotsalira kake m'misoko kamapitiriza kudya mutabwezera kale thanki pa galimoto.

Mwana wanu akapitiriza kufufuza apeza njira ya magetsi, yothira madzi a washing soda m'thanki, kulendeweza kachitsulo m'kati osagunda makoma, waya wa positive wa chaja ya batire ku kachitsuloko, wa negative ku thanki. Imagwira ndipo sidya chitsulo chabwino. Vuto lake n'loti imatsuka bwino malo okhawo oyang'anizana ndi kachitsuloko, kuseri kwa timakoma kumatsala, komanso imafuna magetsi osazima kwa masiku angapo, zomwe inu a ku Mufakose mukudziwa bwino kundiposa. Akaiyesa achitire panja, chifukwa imatulutsa hydrogen, ndipo kachitsuloko kasakhale ka stainless.

Konzekerani kukhumudwa pang'ono. Thanki yanu ikudontha pamalo amodzi lero, koma ikayera mudzapeza timabowo tina tomwe dzimbiri lenilenilo linali litatseka. Musanene kuti asidi waibowola. Wangoulula. Ndipo apa ndi pomwe funso lanu liyankhidwe, osati pa intaneti kapena pa bwalo la banja. Itengereni pa dzuwa, suzumirani m'kati muone pomwe kuwala kukulowa, ndipo mutenge sikuludiraiva muzigogoda ndi kukanikiza pansi ponse. Ngati timabowo ndi towerengeka, tokhala pamalo amodzi, ndipo chitsulo chozungulira chikulira ngwee, thankiyo ichira. Ngati sikuludiraiva ikulowa, kapena pansi pakubonyoka ndi chala chachikulu, kapena msoko wadyeka mtunda wautali, isiyeni. Palibe mankhwala obwezera chitsulo chomwe chatha, ndipo ine sindinganyamule adzukulu anga pamwamba pa malita 50 a petulo ogwiridwa ndi guluu.

Tinene kuti yapambana mayeso. Tsukuluzani ndi madzi ambiri. Ngati munagwiritsa viniga kapena citric acid, tsukuluzaninso ndi madzi a soda wophikira kuti aphe asidi wotsala, kenako madzi oyera. Tsopano thamangani, chifukwa chitsulo choyera chonyowa chimayamba kufiira ola lisanathe. Yambani m'mawa tsiku la dzuwa, monga a mu September ndi October, tsegulani mabowo onse, igonekeni pa malata otentha ndipo muziuzira mpweya m'kati. Madzi obisala m'misoko amatuluka mukazunguzamo lita imodzi ya methylated spirit n'kukhuthula, koma mukatero musayandikizenso chowumitsira tsitsi kapena chilichonse cha magetsi, chifukwa spirit nayenso amayaka. Dontho limodzi la madzi lotsala likwanira kuwononga ntchito yonse ya sealer.

Pofuna kupeza timabowo tonse, tsekani paliponse, popani mpweya pang'ono ndi pampu ya njinga, musapitirire 0.2 bar, ndipo pakani thovu la sopo kunja konse. Pomwe pakufufuma thovu lembanipo ndi choko. Kompresa ya matayala musaiyese. Thanki sinapangidwe kuti isunge mpweya, imatupa n'kuthyola timakoma ta m'kati.

Timabowoto amatseka ndi mtovu, osati kuwotcherera. Pitani kwa amisiri okonza maradieta, makamaka achikulire, muwafunse ngati akadali ndi chitsulo cha mkuwa chomatira chija. Amachitenthetsa pa moto kutali, n'kubwera nacho chotentha chopanda lawi, kusungunulira mtovu pa bowo, ndipo pomwe timabowo taunjikana amamatapo kachigamba ka chitsulo chopyapyala. Ndi ntchito yaukhondo ndiponso yokhalitsa. Wokonzayo muuzeni zonse zomwe mwathiramo, ndipo akatulutsa gasi woyaka, nyamulani thanki yanu muzipita. Epoxy wokanda ndi zala uja ndi wokufikitsani kunyumba, si wokhalitsa. Fibreglass yomwe ena amakuta nayo kunsi ndimaikana kawiri: utomoni wake wamba umafewa ndi ethanol, ndiponso imabisa chinyezi pakati pake ndi chitsulo, dzimbiri n'kumadya mosaoneka.

Tifike pa mankhwala a mwana wanu. Alipodi, ndipo si achinyengo. Mayina omwe awaona kawirikawiri ndi POR-15, Caswell ndi Red-Kote, ndipo kuno nthawi zambiri amachita kuitanitsa ku South Africa. Koma si ochotsa dzimbiri. Ndi chikuto chomwe chimauma m'kati mwa thanki yotsukidwa kale, youma gwaa. Mukathira pa dzimbiri, pa mafuta kapena pa chinyezi, chimagwira miyezi ingapo kenako chimasupuka zikutuzikutu, n'kukatseka kapaipi kaja moposa momwe dzimbiri linkachitira, ndipo kuchichotsa ndi ntchito yowawa kuposa yonse ndafotokozayi. Ndalandirapo mathanki otere, eni ake atalipira kale kawiri. Mukagula, onetsetsani kuti pa chitini palembedwa kuti amapirira ethanol. Thirani, tembenuzani thanki pang'onopang'ono mbali zonse, khuthulani wotsala yense kuti asadikhe pansi, ndipo asanaume uzirani mpweya mu kapaipi kokokera petulo ndi kopumira kuti tisatsekeke. Kachipangizo ka geji kakhale kunja. Muisiye iume masiku onse olembedwa pa chitini, kwa POR-15 ndi mpaka masiku anayi, petulo asanalowemo.

Maganizo anga ndi awa. Thanki ikatuluka yosalala, timabowo tochepa tatsekedwa ndi mtovu, ndipo galimoto iziyenda sabata ndi sabata, sealer simukumufuna. Petulo yemweyo ndi amene aziteteza chitsulo. Koma ngati pansi pali tizenjezenje tambiri tomwe sitinabowoke, kapena galimoto izikhala miyezi osayenda, muikeni.

Ikalephera mayeso, yambani kufunsa m'mashopu a zida za galimoto mu Kaguvi Street, ku Gazaland ku Highfield, ndi kwa ophwasula magalimoto akale. Ma 404 anapangidwa ku France kuyambira 1960 mpaka 1975, ndipo ku Kenya anapitiriza kuwamanga mpaka 1991, ndiye zida zake sizinatheretu m'chigawo chino. Nyamulani thanki yanu yakaleyo mukafananize, chifukwa ya saluni kapena ya pikapu musaganize kuti ingolowa pa yaitaliyo. Yopakidwa penti wakuda wonyezimira muikayikire kwambiri, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Suzumiranimo ndi tochi musanatulutse dola. Ikasowa, apa ndiye alamu anu atsogolere ulendo wa ku Siyaso: mmisiri wabwino angakupangireni thanki yatsopano poonera yakaleyo, ndipo chitsulo chomwe sichinalawepo petulo angachiwotcherere mmene angafunire. Mumuuze aikemo timakoma ta m'kati, asiye malo a geji ndi kapaipi kopumira, ndipo aiyese ndi thovu la sopo inu mukuona.

Thanki yoyera pa mapaipi akuda ndi ntchito yotayika. Paipi yachitsulo yochoka kumbuyo kupita ku injini muimasule mbali zonse n'kuiuzira mpweya, ndipo ngati yadyeka isintheni. Mapaipi onse a labala achoke, alowe atsopano opirira ethanol, olembedwa SAE J30 R9 m'mbali mwake. Labala ya m'kati mwa pampu ya petulo yauma zaka zonsezi, ndipo ikang'ambika petulo amatha kutsikira mu oilo wa injini, ndiye isintheni isanakuchititseni manyazi. Kabyuleta ya Solex ija imasulidwe, majeti auziridwe mpweya, osawatokosa ndi waya. Ikani fyuluta yoonekera m'kati pampu isanafike, ina ikhale m'galimoto. Chotsekera thanki chikhale ndi labala yamoyo kuti mvula isalowe. Kunja kwa thanki pakani penti woletsa dzimbiri, ndipo pomwe imagundana ndi zoigwirira ikanipo labala, osati nsanza kapena chiguduli chomwe chimasunga madzi. Mukamaiimika kwa nthawi, izikhala yodzaza, ndipo petulo asagonemo kupitirira miyezi iwiri kapena itatu.

Za ku Dedza, ulendowo ndi wotheka, ma 404 auyenda kambirimbiri msewu wa Nyamapanda ndi Tete. Koma musauyambe ndi thanki yongobwezera dzulo. Pitani ku Norton mubwerere, muyang'ane fyuluta. Kenako Marondera, kenako Mutoko. Fyuluta ikabwera yoyera maulendo onsewo ndipo kunsi kuli kouma, yambani kukonza mapasipoti ndi mapepala a galimoto. Ndipo poti simunafunse ndikuuzani ndekha: galimoto yomwe yagona kuyambira 2008 mabuleki ake ndi matayala ake ndi okalamba ngati thankiyo, ngakhale matayalawo aoneke a mano. Kutentha kwa ku Tete sikukhululukira labala yakale.

Amalume,

Datsun 120Y yanga inagunda mwala pa msewu wa fumbi cha ku Domboshava, thanki n'kuyamba kudontha. Munthu wina wodutsa anapakapo sopo wa mtanda ndipo inasiya. Papita mwezi osadonthanso. Ndingoisiya choncho?

Mphwanu wa ku Epworth

Aphwanga, wodutsayo mukamuona mumugulire chakumwa, nzeru imeneyo ndi ya madalaivala akale ndipo imagwira chifukwa petulo sasungunula sopo msanga. Koma madzi amamusungunula. Mwezi wanuwo wakhala wa chilimwe. Chithaphwi choyamba cha mu November chidzachotsa sopoyo, ndipo petulo azidzadonthera pafupi ndi ekizozi yotentha inu osadziwa. Blend wa masiku ano amamufewetsanso pang'onopang'ono. Nkhani yanu ndi yopepuka kuposa ya aNaphiri, poti bowo lanu ndi la mwala, chitsulo chozungulira n'chamoyo. Tsitsani thanki, itsukeni ndi madzi otentha ndi sopo waufa, mupite nayo kwa a maradieta akamatepo kachigamba ndi mtovu. Ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Amalume,

Thanki ya Ford Cortina yanga inatheratu. Pakadali pano ndikuyendera chigubu cha pulasitiki cha malita 20 chomwe ndachimangirira m'buti, paipi n'kulowetsa pa chotsekera. Anzanga akuti ndi bwino kuposa chitsulo poti sichichita dzimbiri. Mukuti bwanji?

Mdzukulu wanu wa ku Dzivarasekwa

Mdzukulu wanga, chotsa lero lomwe. Magalimoto atsopano alidi ndi mathanki a pulasitiki, koma ndi pulasitiki wochindikala wopangidwira petulo, ndipo amakhala kunja kwa chipinda chokhala anthu, ndi kapaipi kopumira kotulukira panja. Chigubu chako mwina chinali cha mafuta ophikira. Chikupumira m'buti, momwe muli mawaya a magetsi a kumbuyo, ndipo pakati pa buti ndi mpando wa kumbuyo palibe chotchinga nthunzi. Pulasitiki amasunganso magetsi a mkhukhuzo, aja amathetheka ukavula juzi, ndipo pothira petulo kanthethe kamodzi n'kokwana. Wina akakugunda kumbuyo pa maloboti, malita 20 onsewo ali pamsana pa okwera. A VID oyeza magalimoto aja kapena apolisi a pamsewu akatsegula butiyo sudzakhala ndi chonena. Ma Cortina anapangidwa ambiri ku South Africa, ndiye thanki yake imapezeka ukafunsa kwa ophwasula ndi kwa obweretsa katundu kuchokera ku Johannesburg. Uwauze chaka cha galimotoyo komanso ngati ndi saluni kapena pikapu, ndipo mpaka itafika, Cortina ikhale pakhomo, iwe uzikwera kombi.